Nkhani ya chigwa chouma: mmene kuyeserera ndi osewera anayi kukuyendera

Ndakhala ndikukonza nkhani yoti iziseweredwa patebulo potsatira malamulo a Dungeons & Dragons amene anatuluka mu 2014 (awa ndi masewera amene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani, wotsogolera n'kumafotokoza zochitika, ndipo madayisi amagamula zotsatira), ndipo popeza nkhani yotere munthu sangaidziwe bwino ali yekha ndi pepala, ndinapempha anzanga anayi kuti aziisewera gawo ndi gawo pamene ine ndikutsogolera. Mmodzi anasankha kukhala wankhondo, wina wamatsenga, wina wansembe, ndipo wachinayi anatenga kazitape, amene m'malamulo amatchedwa Rogue. Tinagwirizana kuti tikamaliza kusewera tizikhala kaye pansi n'kukambirana zimene zayenda bwino ndi zimene zatifooketsa. Zolembazi zikuchokera m'zokambirana zimenezo, pamodzi ndi zimene ndakhala ndikusintha m'nkhaniyo pambuyo pake.

Nkhaniyo payokha ndi yaifupi. M'chigwa china mtsinje waphwa chifukwa wamatsenga amene amakhala m'nsanja ya pamwamba pa phiri watseka kasupe, ndipo anthu a m'mudzi wa kumunsi atsala ndi madzi a m'zitsime okha. Njira zopita kunsanjayo zilipo zitatu: kudutsa mu mgodi wakale mmene mukukhala gulu la ma goblin (tizilombo tating'ono tankhanza tooneka ngati anthu), kuzungulira m'nkhalango, kapena kukwera thanthwe lotsetsereka la kumbuyo kwa phirilo. Osewera ayambira pa mulingo 3 (mulingo ndi muyezo wa mphamvu za munthu wa m'masewerawa), ndipo ndikufuna kuti pomaliza akhale atafika pa mulingo 5. Mulingo 1 ndinaulumpha mwadala, chifukwa wamatsenga wa pa mulingo umenewo amakhala ndi mapointi a moyo (amene akatha munthu amagwa) 6 kuphatikiza ochepa ochokera ku thanzi lake, pamene goblin mmodzi akamenya amachotsa pafupifupi 5, kotero kuti nkhani ikhoza kutha munthu asanatsegule n'komwe pakamwa.

Pambuyo pa kukumana koyamba

Osewera atafika pa mphambano ya njira zitatu zija anakambirana kwa nthawi yaitali, ndipo ine ndinkamvetsera ndi mtima wonyada poganiza kuti ndawapatsa chosankha cholemera. Pokambirana kumapeto, wosewera wansembe ndiye anandichotsa kunyadako. Iye anati anachedwa chifukwa panalibe chilichonse chowathandiza kusiyanitsa njira ina ndi inzake, ndipo kuti pomaliza analowera kumgodi chifukwa choti ndi umene ndinayamba kuutchula. Nditawerenganso zimene ndinalemba ndinapeza kuti akunena zoona. Ine ndinkadziwa kuti mgodi ndi wa masiku 2 koma uli ndi adani, nkhalango ndi ya masiku 4 koma ndi yabata, ndipo thanthwe ndi la tsiku limodzi koma kuterereka kamodzi kukhoza kupha munthu. Zonsezi zinali m'kope langa, osewera sanamve ngakhale chimodzi.

Ndasintha gawo loyamba kuti m'mudzimo mukhale anthu atatu odziwa njirazo, aliyense yake, ndipo aliyense azinena zoona koma zosakwanira. Mlenje adziwa kutalika kwa nkhalango koma sadziwa za mgodi, mayi wokalamba amene mwamuna wake ankakumba mumgodimo adziwa khomo la kumbali, ndipo mnyamata woweta mbuzi anaonapo munthu akugwa pathanthwe lija. Amene adzafunsa onse atatu adzasankha akudziwa chimene akulipira.

Pambuyo pa kukumana kwachiwiri

Apa ndi pamene panabuka vuto limene latenga nthawi yathu yambiri kufikira lero, ndipo ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa ndikuona kuti ndilo msana wa ntchito yonseyi. Pakhomo la mgodi ndinaika ma goblin 6, nkhondo imene ndinaiyeza kuti ikhale yongowatenthetsa magazi. Wamatsenga wa mulingo 3 amakhala ndi mipata 4 ya matsenga a mlingo woyamba ndi mipata 2 ya matsenga a mlingo wachiwiri (tsenga lililonse la milingo imeneyi limadya mpata umodzi likaponyedwa), ndipo mnzathuyo anagwiritsa ntchito mipata 4 mwa 6 imeneyi pa nkhondo imodzi yokhayo. Tsenga la Sleep lokha, limene limagoneka adani okhala ndi mapointi a moyo okwana pafupifupi 22 onse pamodzi, linagwetsa ma goblin atatu nthawi imodzi popeza aliyense ali ndi 7 basi. Nkhondo itatha, onse anagwirizana kubwerera kumudzi kukagona kuti mphamvu zibwerere, n'kudzabweranso m'mawa.

Malamulo sakuwaletsa kutero. Kupuma kwakutali kumatenga maola 8, kumabwezera mapointi onse a moyo ndi mipata yonse ya matsenga, ndipo choletsa chokha n'chakuti munthu sangapindule nako kawiri m'maola 24. Ngati dziko la m'nkhaniyo laima n'kumawadikira, palibe chifukwa chilichonse chakuti wosewera wanzeru alowe m'chipinda chachiwiri ali wotopa. Komabe buku la otsogolera masewera la mu 2014 limawerengera kuti gulu likhoza kukumana ndi nkhondo 6 mpaka 8 zapakatikati kapena zovuta pa tsiku limodzi, n'kupuma mwachidule, kwa ola limodzi, pafupifupi kawiri pakati pake. Mphamvu za anthu a m'masewerawa zinagawidwa poganizira tsiku lalitali chotero, ndipo tsikulo likafupika n'kukhala la nkhondo imodzi, kugawako kumapendekeka.

Amene anamva kupendekekako pathupi pake ndi wosewera wankhondo, ndipo analankhula mosabisa. Mphamvu zake zikuluzikulu ziwiri, Action Surge imene imamupatsa mpata wochita chinthu chowonjezera m'ndime imodzi ya nkhondo, ndi Second Wind imene imamubwezera moyo pang'ono, zimabwerera akangopuma ola limodzi. Ubwino wa wankhondo umaoneka pa nkhondo yachinayi ndi yachisanu, pamene wamatsenga watsala ndi timatsenga tating'ono, koma lupanga likudulabe ngati m'mawa. Iye anati ngati tsiku lililonse likhala ndi nkhondo imodzi, ndiye kuti ntchito yake ndi yoimirira kutsogolo kuti mnzake aoneke katswiri. Wosewera wamatsenga sanavomere mlandu, ndipo sindikuona kuti anali ndi mlandu. Anafunsa chifukwa chimene angasungire matsenga pamene palibe amene wamuonetsa kuti mawa lidzakhala losiyana ndi lero.

Wosewera kazitape, amene anayambira masewera a mtundu umenewu pakompyuta, anatikumbutsa kuti mu Baldur's Gate 3, amene kampani ya Larian inatulutsa mu 2023, kupuma kwakutali kumafuna chakudya cha pamsasa chimene umachita kutolera, ndipo pakati pa kupuma kwakutali kuwiri umaloledwa kupuma mwachidule kawiri kokha. Anawonjezera kuti ngakhale zili choncho, munthu amene amatsegula bokosi lililonse amakhala ndi chakudya chochuluka moti choletsacho sachimva. Mfundo yake inali yakuti mtengo wa kupuma ukakhala chinthu chimene chimaunjikika mosavuta, pakapita nthawi umasiya kukhala mtengo. Ndinaona kuti ndi chenjezo loyenera, ndipo chifukwa cha iye ndinasiya ganizo loti ndiziwerenga mabotolo a madzi amene gululo lanyamula.

Ndinalingaliranso njira ina imene ili m'buku lomwelo la otsogolera, imene imatalikitsa kupuma kwachidule kukhala maola 8 ndi kupuma kwakutali kukhala masiku 7. Njirayi imayenerera nkhani ya miyezi yambiri, koma m'chigwa chimene chikuuma palibe amene angagone sabata yathunthu. Chimene ndasankha n'chosavuta: zitsime za m'mudzi ziphwa pakatha masiku 12, ndipo kupuma kwakutali kuzitheka pamalo otetezeka okha, monga m'mudzimo. Kugona kutchire kapena mumgodi kuziwerengedwa ngati kupuma kwachidule. Motero aliyense wofuna kubwerera kumudzi ali ndi ufulu wotero, koma ulendo wopita ndi wobwera udya masiku amene sadzabwereranso.

Pambuyo pa kukumana kwachitatu

Mankhwala aposa matenda. Osewera atangomva za masiku 12 anayamba kuthamanga ngati moto wawayakira kumbuyo. Mumgodi muli goblin wokalamba amene anamangidwa ndi anzake chifukwa chokana kumvera mtsogoleri wawo, ndipo ndinamulemba kuti akhale khomo lolowera m'nkhani yonse ya chifukwa chimene ma goblin anasamukira mumgodimo. Osewerawo anamumasula, sanamufunse kanthu, n'kupitirira. Chipinda chokhala ndi zolemba pakhoma anangochisuzumira. Titayamba kukambirana, wosewera kazitape anati gawo limene amalikonda kwambiri, lofufuza ndi kucheza ndi anthu a m'nkhani, lafa, chifukwa nthawi iliyonse akafuna kuima wina amamukumbutsa za zitsime.

Cholakwa chinali changa, ndipo chinali m'kawerengedwe. Ndinawauza za masiku, koma sindinawauze kuti n'chiyani chimadya tsiku ndipo n'chiyani sichidya, choncho iwo anaganiza kuti chilichonse chimadya. Tsopano ndaika timiyala 12 pakati pa tebulo, ndipo kamwala kamachoka pa zinthu ziwiri zokha, zomwe ndi kuyenda ulendo wa tsiku ndi kugona usiku. Kufunsa mafunso, kuwerenga zolemba pakhoma ndi kukangana za njira sikuchotsa kamwala ngakhale kutatenga ola lathunthu la nthawi yathu yeniyeni. Ndinawauza zimenezi momveka, ndipo nkhope zawo zinamasuka.

Pokonza zimenezi ndinakumbukira kuti masewerawa, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa koyamba mu 1974, anali ndi wotchi yawoyawo kuyambira kale. M'malamulo akale nthawi ya m'mapanga inkawerengedwa m'zigawo za mphindi 10, muuni unkazima pakatha ola limodzi, ndipo wotsogolera ankaponya dayisi pafupipafupi kuti aone ngati chilombo choyendayenda chawapeza. Kuchedwa kulikonse kunali ndi choopsa chake chaching'ono, ndipo choopsacho chinali chodziwika kukula kwake. Ife masiku ano tinasiya zambiri mwa zimenezi chifukwa n'zotopetsa kuwerenga, koma pozisiya tinatayanso chimene chinkachititsa kuti funso lakuti tipitirire kapena tibwerere likhale lolemera.

Pambuyo pa kukumana kwachinayi

Kukumana uku kunali kwa nkhondo yaikulu ya pakati pa mgodi, ndipo zokambirana zathu zinagawika pawiri: nzeru za kamenyedwe ndi kutalika kwa nkhondoyo. M'malamulo ndime imodzi ya nkhondo ndi masekondi 6, ndipo nkhondo yathu inatenga ndime 5, kutanthauza theka la mphindi m'dziko la nkhaniyo, koma patebulo inadya kupitirira ola. Ndime ziwiri zoyambirira zinali zokoma. Kuyambira ndime yachitatu aliyense ankadziwa kale kuti apambana, ndipo chotsala chinali kuthamangitsa ma goblin awiri amene ali ndi luso lothawa ndi kubisala m'ndime yomweyo imene amenya. Ndalemba lamulo langa la adani onse a m'nkhaniyi lakuti mtsogoleri wawo akagwa kapena theka lawo likatha, otsalawo azithawa kapena kugonja. Izi zifupikitsa nkhondo, komanso zibala chosankha china chimene kunalibe, chakuti gululo lichite nawo chiyani ogonjawo.

Pa nzeru za kamenyedwe, wosewera wankhondo anadandaula kuti aliyense ankamenya mdani wakewake. Mfundo yake ndi yolondola malinga ndi mmene malamulo alili, chifukwa mdani amene watsala ndi pointi imodzi ya moyo amamenya ndi mphamvu yofanana ndi amene sanakhudzidwe n'komwe. Kuvulaza adani anayi pang'onopang'ono kumasiya mikono inayi ikukumenyani, pamene kugwetsa mmodzi kumachotsa mkono umodzi mpaka nkhondo ithe. Kazitape nayenso amapindula gulu likaunjikana pa mdani mmodzi, popeza Sneak Attack yake, imene pa mulingo 3 imawonjezera madayisi 2 a mbali 6, imagwira ntchito pamene mnzake waima pafupi ndi mdaniyo.

Mkangano weniweni unali pa kuchiritsa. Wamatsenga anagwa m'ndime yachiwiri, ndipo pambuyo pake anafunsa chifukwa chimene wansembe sanamuchiritse pamene anali ataima koma atavulala. Wosewera wansembe anayankha ndi masamu amene sindinathe kuwatsutsa. Tsenga la Healing Word limabwezera mapointi ochepa kwambiri, dayisi imodzi ya mbali 4 kuphatikiza nzeru za wansembeyo, ndipo munthu woima akapatsidwa mapointi 5 kapena 6, kumenya kumodzi kokha kumawachotsa. Koma tsenga lomwelo likaponyedwa pa munthu amene wagwa limamudzutsa, limafika pa mtunda wa mafiti 60, ndipo silimutayitsa wansembe mpata wake womenya m'ndime imeneyo. Choncho iye anasunga mpatawo n'kuyamba ndi Bless, limene limawonjezera dayisi ya mbali 4 pa kumenya kwa anthu atatu kwa mphindi yathunthu bola maganizo ake asasokonezedwe.

Wosewera wamatsenga anati masamuwo akuiwala chinthu chimodzi, chomwe ndi kukhala pampando osachita kanthu pamene anzako akusewera. Anatchulanso kuti munthu wogwa amaponya dayisi ya mbali 20 ndime iliyonse, kuti 10 kapena kuposa ndiko kupambana, kuti kulephera katatu ndi imfa, ndipo kuti dayisi ikagwera pa 1 zimawerengedwa ngati kulephera kawiri. Munthu akasiyidwa yekha osathandizidwa, mwayi wake wopulumuka ndi pafupifupi 60 pa 100, ndipo mdani akamumenya ali pansi mwayiwo umatsika msanga. Pamenepa sindinagamule, chifukwa onse awiri akunena zoona za mbali yawo. Chimene ndachita monga wolemba n'chakuti mtsogoleri wa ma goblin ndamulemba kuti ndi wankhanza amene amamaliza ogwa, ndipo mayi wokalamba wa kumudzi uja azinena zimenezi poyera, kuti wansembe wodikira kuti mnzake agwe adziwe kuti pa mdani ameneyu njuga yake ndi yodula.

Pambuyo pa kukumana kwachisanu

Mtsogoleri wa ma goblin, ataona kuti anthu ake akutha, anapempha zokambirana. Anati awatsegulira njira yachinsinsi yotulukira pansi pa nsanja ngati alonjeza kuti kasupe akatseguka, mtsinje uzidutsa kaye mumgodi usanafike kumudzi. Gululo linagawika awiri awiri. Wansembe ndi kazitape anafuna kuvomera chifukwa panali patatsala timiyala 6 ndipo njirayo ikanapulumutsa masiku 2, pamene wankhondo ndi wamatsenga anati alibe ufulu wogulitsa madzi a anthu amene sanawafunse. Aka kanali koyamba kuti ndione timiyala tija tikugwira ntchito imene ndinatiikira. Palibe amene anathamanga, palibe amene anapempha kubwerera kukagona, ndipo aliyense polankhula ankaloza patebulo. Pomaliza anavomera, koma wankhondo anaumirira kuti lonjezolo likhale la chaka chimodzi chokha, chinthu chimene sindinachiganizirepo ndipo ndachilemba kale m'nkhaniyo monga njira imene mtsogoleriyo akhoza kuilandira.

Chimene chinatsatira sichinandikomere. Atatuluka m'njira yachinsinsiyo anakumana ndi chimphona cha mtundu wa ogre, chokhala ndi mapointi a moyo 59, chimene chibonga chake chimachotsa pafupifupi 13 chikagunda. Nkhondoyo inayenda bwino, koma pokambirana wosewera kazitape anandifunsa mwaulemu ngati chimphonacho akanakumana nacho ngakhale akanakana pangano lija n'kudutsa njira yaitali. Ndinavomera kuti inde. Ndinali nditachikonza bwino ndipo sindinafune kuti ntchitoyo ipite pachabe, choncho ndinachiika kumapeto kwa njira iliyonse imene akanasankha. Iye sanakwiye, anangonena kuti ngati ndi choncho ndiye kuti kukangana kwawo kwa theka la ola kunasintha chiwerengero cha timiyala chokha, ndipo kuti ulendo wotsatira adzavutika kukhulupirira kuti mphambano ndi mphambano.

Otsogolera ambiri amachita zimenezi, ndipo ena amaziteteza ponena kuti chimene wosewera sakudziwa sichimupweteka. Ine nditaganizira ndaona kuti m'nkhani imene mutu wake ndi kusankha, chinyengo chotere chimadya nkhaniyo kuchokera m'kati, chifukwa osewera ndi anthu ochenjera ndipo tsiku lina amazindikira. Pamasewera a pakompyuta munthu akhoza kubwerera pamene anasunga n'kuyesa njira inayo kuti aone ngati ikusiyanadi, koma patebulo palibe kubwerera, ndipo chimene wosewera ali nacho ndi chikhulupiriro chake mwa wotsogolera basi. Ndakhala masiku angapo ndikulemba tsamba limodzi la zotsatira, limene pa chosankha chachikulu chilichonse likunena chimene chisintha pa njira, pa anthu ndi pa mathero. Chimphonacho tsopano chimakhala pakhomo la njira yachinsinsi pokha, ndipo n'chifukwa chake ma goblin eniakewo saigwiritsa ntchito. Goblin wokalamba uja, amene anamumasula osamufunsa kanthu, ndiye amadziwa zimenezi.

Pambuyo pa kukumana kwachisanu ndi chimodzi

Kukumana kumeneku kunali kwachete, kwa kukwera masitepe a m'munsi mwa nsanja ndi kutsegula misampha, ndipo panalibe chodandaula chachikulu kupatula chitseko chimodzi chimene chinawaimitsa chifukwa kazitape analephera dayisi ndipo ine ndinalibe njira ina yokonzeka. Ndasintha kuti kulephera pachitseko chimenecho kuzitsegulabe koma ndi phokoso limene lichenjeza alonda a pamwamba. Ndawonjezeranso chikumbutso chakuti mnzake akamuthandiza, kazitape aziponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu, zimene zimakweza mwayi wa theka kufika pa 75 pa 100.

Nkhani imene inatenga nthawi inali ya kukwera mulingo. Poyamba ndinkawerenga mapointi a luso monga mmene malamulo amanenera, 50 pa goblin aliyense ndi 450 pa chimphona chija, zogawana anthu anayi. Kuchoka pa 900 ya mulingo 3 kufika pa 2,700 ya mulingo 4, kenako pa 6,500 ya mulingo 5, ndi mtunda umene nkhani yaifupi ngati iyi singaukwanitse pokhapokha nditadzaza chigwa chonse ndi adani. Wosewera wansembe anaona china choipa kuposa pamenepo, chakuti pangano limene anapangana ndi ma goblin linawatayitsa mapointi a adani amene sanawaphe, ngati wotsogolera saganiza zowapatsa mapointiwo mwa njira ina. M'malamulo akale mapointi ambiri ankachokera ku golide amene gulu latulutsa m'phanga, choncho kuzemba nkhondo kunali nzeru yopindulitsa, koma kuwerenga mitembo yokha kumaphunzitsa osewera kuti kukambirana ndi kutaya. Ndasiya kuwerenga mapointi, ndipo tsopano mulingo uzikwera pamene gulu lafika pa malo ena m'nkhani mosatengera njira imene ladutsa. Mulingo 4 ubwera potuluka mumgodi kapena m'nkhalango kapena pamwamba pa thanthwe.

Pa mulingo 5 sitinagwirizane, ndipo mpaka pano sindinatsimikize. Mulingo umenewu ndi mpanda waukulu m'malamulowa, chifukwa wankhondo amayamba kumenya kawiri m'ndime imodzi, wansembe ndi wamatsenga amalandira matsenga a mlingo wachitatu, ndipo Fireball yokha, tsenga la moto wophulika, imaponya madayisi 8 a mbali 6, pafupifupi mapointi 28 pa aliyense amene ali m'bwalo lake ndipo walephera kuzinda. Wankhondo ndi wamatsenga, amene alinso mbali imodzi, akufuna kuti akwere asanakumane ndi mwini nsanja, ponena kuti mphamvu imene yaperekedwa nkhani itatha ili ngati khasu lofika mvula itasiya. Wansembe akuopa kuti nkhondo yomaliza idzatha m'ndime ziwiri, ndipo kazitape akuti anthu akalandira matsenga atsopano amathera nthawi akuwerenga mapepala awo m'malo moyang'ana mdani, zimene zidzachedwetsa gawo limene liyenera kuthamanga koposa onse.

Maganizo anga akupendekera kwa oyambawo, koma ndi chinthu chimodzi chowonjezera. M'nsanjamo ndikufuna kuikamo chipinda chimodzi chotetezeka, cha mlonda amene watopa ndi mbuye wake, mmene gulu likhoza kupuma kwakutali n'kukwera pa mulingo 5, koma kupumako kudzachotsa kamwala kamodzi mwa 3 timene tatsala, ndipo madzi akatsegulidwa amafuna masiku 2 kuti afike kumudzi. Amene adzagone adzalowa pankhondo ali amphamvu koma alibe tsiku lopuma ngati china chitalakwika, pamene amene adzakwere masitepe usiku womwewo adzamenya ali pa mulingo 4 ndi matsenga otsala. Ndiyenera kulemba mwini nsanjayo m'njira yakuti agonjetseke pa milingo yonse iwiri, ndipo ndikuganiza zomupatsa antchito ochepa koma olimba m'malo mwa khamu la ofooka limene Fireball imodzi ingalisese.

Ntchito yotsala tisanakumanenso ndi yolemba mlondayo ndi zimene angafune posinthana ndi chipinda chake, kuyesa ndekha nkhondo yomaliza ndi madayisi pa milingo yonse iwiri, ndi kulembanso gawo la thanthwe, limene palibe amene walidutsa ndipo ndikukayikira kuti likadali lovuta kwambiri kwa wansembe wovala zida zolemera. Gulu lino likamaliza ndidzafuna gulu lina limene silinamvepo nkhaniyi, kuti ndione ngati anthu atatu a kumudzi aja akupereka zokwanira zoti wina asankhe nkhalango, imene mpaka pano ili pa pepala lokha.